Walira mvula walira matope: kasamalidwe ka nkhuku m'dzinja

Mvula yoyamba ikagwa tonse timakondwa. Fumbi limatha, makasu amatuluka, ndipo mtima wa aliyense umakhala kumunda. Koma pofika pakati pa Januwale bwalo lija linali louma gwaa limakhala litasanduka matope okhaokha, denga la khola likudontha, nkhuku zitaunjikana pakhonde nthenga zili chinyowere. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mvulayo tinkaifuna tokha, choncho tiyeni tiphunzire kukhala ndi matope ake popanda kutaya ziweto zathu.

M'phunziro lino tikambirana za nkhuku zapakhomo, zachikuda ndi za Mikolongwe zomwe, zija zimapalasa zokha chakudya masana n'kulowa m'khola madzulo. Mwina mukudabwa kuti namwino walowa bwanji m'nkhani za ziweto. Pa ntchito yanga ya uzamba ndaona nthawi zambiri kuti ndalama ya kabaza yothamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala imachokera ku nkhuku imene yagulitsidwa tsiku lomwelo. Ndaonanso kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo nyama siigulika, dzira limodzi m'phala la mwana limathandiza kwambiri. Tsono nkhuku zikafa m'dzinja, banja limataya ndiwo ndi ndalama pa nthawi imene likuzisowa koposa.

Nkhuku yaikulu yathanzi siifa chifukwa chovumbwa ndi mvula kamodzi. Chimene chimaipha n'kusowa pokaumira: kugona ponyowa, kudya chakudya chonyowa ndi kuponda zitosi zonyowa tsiku ndi tsiku. Simungathe kuumitsa bwalo lonse, koma mungathe kukonza malo amodzi ouma, ndipo phunziro lonseli likunena za malo amenewo.

Chifukwa chake chinyezi chimavuta nkhuku

Mukayang'ana bakha pamvula, madzi amangotsetsereka pa nthenga zake. Nkhuku siili choncho. Nthenga zake zapamwamba zimatchinga mvula yowaza pang'ono, koma ikagwa yambiri kapena ya mvumbi madzi amalowa mpaka pakhungu. Thupi la nkhuku ndi lotentha kuposa lathu, pafupifupi madigiri 41, ndipo kutenthako kumasungidwa ndi mpweya umene umakhala pakati pa nthenga zouma. Nthenga zikanyowa zimamatirira pathupi, mpweya uja umachoka, ndipo nkhuku imayamba kuzizidwa. Chakudya chimene chikanapanga mazira ndi mnofu chimathera pa kutenthetsa thupi. N'chifukwa chake nkhuku zogona ponyowa zimachepetsa kuikira, zimaonda, ndipo sizichedwa kugwidwa ndi matenda.

Vuto lachiwiri lili pansi. M'chilimwe dzuwa limaumitsa zitosi n'kupha tizilombo tambiri tokhala m'menemo. M'dzinja zitosi zimasakanikirana ndi matope ofunda, mmene tizilombo toyambitsa matenda ndi mazira a njoka zam'mimba zimakhala nthawi yaitali zili zamoyo. Nkhuku ikamajompha pansi imameza zonsezi.

Ine zimenezi ndidaziphunzira mowawa. Chaka china thadzi langa lidaswa anapiye 11 kumayambiriro kwa Januwale. Ndidawasiya kuti aziyenda ndi make monga mwa masiku onse, ine n'kupita kuntchito. Mvula ya mvumbi idagwa masiku atatu osakata, ndipo pakutha pa sabata ndidatsala ndi anapiye atatu. Palibe kabawi amene adawagwira. Ena adafa ndi kuzizidwa m'udzu, ena ndidawapeza m'mawa pansi pa make pamalo pamene denga linkadontha. Dengalo ndinkadziwa kuti likudontha, koma ndinkangoti ndikonza mawa.

Khola louma

Yambani ndi malo. Tsiku lina mvula ikugwa, fundani pulasitiki mutuluke mukaone kumene madzi akulowera ndi pamene akudikha. Khola liyenera kukhala pamalo okwera, osati m'munsi mwa denga la nyumba pamene madzi amakhuthukira, ndiponso kutali ndi chitsime. Ngati khola lilipo kale pamalo otsika ndipo simungathe kulisuntha, kumbani ngalande kumtunda kwake ndi m'mbali kuti madzi azilambalala, ndipo muziichotsa zinyalala mvula ikangokata.

Khola lam'mwamba ndilo labwino koposa m'dzinja. Miyendo yake ikhale yotalika pafupifupi mita imodzi. Pansi pake yalani nsungwi kapena timitengo tosalala, mukusiya mipata yolowa chala kuti zitosi zizigwera pansi koma miyendo ya nkhuku isamakodwe. Kunsi kwa khola lotere nkhuku zimapezako pobisala masana, koma muzisesako zitosi kawiri kapena katatu pa sabata.

Ngati khola lanu ndi lapansi, kwezani pansi pake ndi dothi kapena zidutswa za njerwa kuti m'kati mukhale mokwera kuposa panja ndi masentimita 15 kapena 20. Tsindirani bwino, muzire, kenako yalani zoyala zouma zokhuthala ngati kutalika kwa chala: utuchi, mankhusu a mpunga, makoko a mtedza kapena udzu wouma woduladula. Kuti mudziwe ngati zoyalazo zikadali bwino, tapani dzanja limodzi mufinye. Zikamwazika mukatambasula dzanja, zili bwino. Zikagwirana ngati chibumo, zanyowa, ndipo muzichotse tsiku lomwelo, makamaka pafupi ndi khomo ndi pomwera madzi. Sungani thumba limodzi kapena awiri a zoyala zouma m'mwamba pakhonde, chifukwa mvula ikakhazikika simudzazipeza.

Denga likhale lotsetsereka bwino ndipo lipitirire khoma ndi theka la mita mbali zonse. Denga laudzu ndi labwino ngati mwayala pulasitiki wosabooka kunsi kwa udzuwo. Lowani kapena suzumirani m'khola masana: paliponse pamene mukuona kuwala kwa dzuwa padenga, mvula idzalowanso pomwepo.

Pali cholakwika chimodzi chimene ambiri timachita chifukwa cha chifundo. Poopa kuti nkhuku zizizidwa, timakuta khola lonse ndi mapulasitiki ndi masaka mpaka mpweya kusowa polowera. Nkhuku zikamapuma zimatulutsa chinyezi, zitosi nazo zimatulutsa chinyezi ndi mpweya woluma wa amoniya. M'khola lotsekeka zonsezi zimatsalira m'kati, zimapweteka maso ndi njira yopumira, ndipo chimfine chimayambira pomwepo. Tchingani mbali yokhayo imene mvula ndi mphepo zimachokera, koma siyani mipata m'mwamba pafupi ndi denga. M'mawa musanatulutse nkhuku, weramani mununkhize pamene mitu yazo imafika. Ngati fungo likukulumani m'maso ndi m'mphuno, nkhuku zanu zapuma zimenezo usiku wonse.

Ikaninso mitengo yogonapo. Nkhuku mwachibadwa imafuna kugona m'mwamba, ndipo ikakwera pamtengo imafunditsa mapazi ndi nthenga zake n'kukhala kutali ndi zitosi. Mtengo ukhale wosalala, wonenepa ngati mpini wa khasu, ndipo nkhuku iliyonse ipeze malo okwana masentimita 25. Khola likachepa, ndi bwino kugulitsa atambala owonjezera kusiyana n'kupanikiza nkhuku zonse. Zija zidazolowera kugona mumtengo wa mango muzizigwira madzulo n'kuzitsekera m'khola kwa masiku angapo mpaka zizolowere.

Pobisala masana ndi posamba fumbi

Mvula ikayamba masana nkhuku zimathamangira pakhonde kapena kukhitchini chifukwa ndi malo okhawo ouma amene zikuwadziwa. M'malo mozipirikitsa tsiku lonse, zimangireni kachisakasa pafupi ndi khola: mitengo inayi, denga la udzu kapena lata lakale, pansi pokwezedwa n'kuthirapo mchenga wa kumtsinje. Mchenga sudikhitsa madzi ndipo suvuta kusesa. Chakudya ndi madzi muziika pomwepo, nkhuku zizolowera msanga.

Pa chisakasapo ikani beseni lakale kapena tayala lodzaza ndi mchenga, dothi louma ndi phulusa lozizira la nkhuni. Kudzigudubuza m'fumbi ndiko kusamba kwa nkhuku, ndipo ndi njira yake yochepetsera utitiri ndi nsabwe. M'dzinja fumbi limasowa, tizilomboti timachuluka, timayamwa magazi usiku, ndipo thadzi lofungatira likhoza kuthawa mazira chifukwa cholumidwa. Chenjerani kuti phulusalo lisanyowe, chifukwa phulusa lonyowa limawotcha khungu.

Kamodzi pa sabata gwirani nkhuku madzulo muyang'ane mapazi. Matope osakanikirana ndi zitosi amauma pa zala n'kupanga timibulu tolimba, makamaka kwa anapiye. Musatikoke touma, mungazule chikhadabo. Viikani phazilo m'madzi ofunda mpaka matope afewe, muchotse, mupukute. Khungu la phazi lokhalitsa m'matope limafewa, ndipo minga, waya kapena galasi losweka zimaboola mosavuta. Bala lotere limatupa kunsi kwa phazi n'kuchita mafinya, nkhuku n'kuyamba kutsimphina. Tolani zinthu zakuthwa pabwalo, ndipo nkhuku yotsimphina muisunge pouma mpaka ichire kapena aione alangizi a ziweto.

Anapiye ndi thadzi lofungatira

Mwanapiye amabadwa ndi ubweya wofewa umene umamwa madzi ngati thonje, ndipo thupi lake silitha kudzisungira kutentha mpaka nthenga zenizeni zitamera, pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. M'sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kumene amakupeza pansi pa mapiko a make. Koma thadzi lanjala silikhala pansi. Limayenda kufuna chakudya, anapiye n'kumalitsatira m'udzu wamame, ndipo ofooka amatsalira m'mbuyo.

Njira yake n'kutsekera thadzi pamodzi ndi anapiye ake kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, m'kachipinda kawokawo kapena pansi pa dengu lalikulu lovundikira pamalo ouma, mukuwapatsa chakudya ndi madzi pomwepo. Dengulo muzilisuntha tsiku lililonse kuti asakhale pa zitosi zadzulo. Dzuwa likawala ndipo mame atauma, atulutseni aothere, koma muwabweze mitambo ikayamba kuda. Madzi awo akhale m'mbale yosaya yoikamo timiyala, kuti asalowemo n'kunyowa kapena kumira.

Mukapeza mwanapiye atanyowa, ali gone, maso atatseka, musafulumire kumutaya. Ambiri otere amakhala akadali moyo. Ife azamba, mwana akangobadwa choyamba timamupukuta, kuchotsa nsalu yonyowa, n'kumuika pachifuwa pa mayi ake kuti afundidwe. Mwanapiye nayenso amafuna zomwezo. Mupukuteni mosamala ndi kansalu kouma, mumuike m'katoni pafupi ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, ndipo muvundikire katoniyo mukusiya polowera mpweya. Akayamba kulira ndi kuimirira, mupatseni madzi osungunuliramo shuga pang'ono kuti amwe yekha. Musamuthire madzi kukamwa akadali wofooka, angatsamwe. Akauma bwinobwino mubwezereni kwa make madzulo. Musamuyandikize kumoto, ndipo musaike mbaula yamakala m'kachipinda kotsekeka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anapiye, monga umapheranso anthu ogona ndi mbaula m'nyumba.

Thadzi limafungatira mazira masiku 21, ndipo masiku onsewo chisa chiyenera kukhala chouma, chotalikirana ndi pansi ponyowa komanso ndi khoma lolowa madzi. Yalani udzu wouma, kunsi kwake muwazeko phulusa pang'ono. M'dzinja musalipatse mazira ochuluka. Mazira 8 mpaka 10 thadzi lachikuda limawafunditsa bwino, ndipo anapiye ake limatha kuwabisa onse pansi pa mapiko. Otsalawo apatseni ana ndi amayi oyembekezera adye. Mazira oti afungatiridwe sankhani oyera, ndipo musawatsuke. Chigoba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, totsekedwa ndi kachikuto kopyapyala. Madzi amachotsa kachikutoko, tizilombo n'kulowa, dzira n'kusukusa.

Chakudya ndi madzi

M'dzinja bwalo limapatsa nkhuku msipu, ziwala, chiswe ndi ngumbi, zimene ndi zakudya zabwino zomanga thupi. Chimene chimasowa ndi chakudya chopatsa mphamvu, pamene nkhuku ikuchifuna kwambiri kuti ithane ndi kuzizira. Ngakhale zinthu zili zovuta m'nyumba, yesetsani kuzipatsa madeya, misere kapena mapira pang'ono madzulo zisanalowe m'khola. Zimagona zokhuta, zimafunda, ndipo zimazolowera kubwera zokha. Ngati mwazitsekera poteteza mbewu kumunda, kumbukirani kuti sizingapalase, choncho zonse zidalira inu: madeya, masamba obiriwira, zotsalira za usipa kapena soya wokazinga wosinja, ndi zigoba za mazira zowotcha n'kusinja kuti ziziikira mazira olimba.

Musamwaze chakudya pamatope. Ng'ambani nsungwi yaikulu pakati kapena gwiritsani ntchito mbale yakale, muikweze pa njerwa pansi pa chisakasa, ndipo muziika chokhacho chimene nkhuku zingamalize. Madeya onyowa amasasa ndi kuchita chuku m'masiku ochepa. Chuku china cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, amafooketsa chitetezo cha thupi, amachepetsa kuikira ndipo amatha kupha anapiye. Kuphika kapena kuyanika padzuwa sikuchotsa poizoniyu. Chizolowezi chathu chosankha chimanga chowola n'kuponyera nkhuku tichisiye. Thumba la madeya liikeni pathandala, lisakhudze pansi kapena khoma.

Poona madzi ali ponseponse, ambiri timaleka kupatsa nkhuku madzi akumwa. Pamenepo zimamwa m'zithaphwi momwe mwalowa zitosi zazo. Dzira mbali yake yaikulu ndi madzi, ndipo nkhuku yoikira imamwa pafupifupi kapu imodzi patsiku. Ipatseni madzi amene inunso mungamwe, ndipo chomweracho muzitsuka m'mawa uliwonse. Samalaninso ndi feteleza ndi mankhwala opopera mbozi m'chimanga. Nkhuku imatola timibulu ta feteleza ngati chakudya, ndipo imadya mbozi zopoperedwa. Tsiku lothira kapena kupopera pamunda wapafupi ndi nyumba, nkhuku zikhale zotsekeredwa.

Matenda ofala m'nyengoyi

Oyamba ndi matenda a chitosi cha magazi, amene alangizi amawatcha coccidiosis. Amayamba ndi tizilombo tokhala m'matumbo timene timatuluka ndi zitosi. Tikagwera pamalo ofunda ndi onyowa, m'tsiku limodzi kapena awiri timakhala titakhwima moti tingadwalitse nkhuku ina. Amagwira kwambiri anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Mudzawaona atazyolika, mapiko ali pansi, nthenga zitanyankhalala, akutsegula m'mimba, nthawi zina chitosi chili ndi magazi. Mankhwala ake alipo, monga amprolium wothira m'madzi akumwa, koma mukapanda kuchotsa zoyala zonyowa matendawa amabwereranso.

Njoka zam'mimba nazo zimachuluka. Zina nkhuku imazitenga pomeza mazira ake m'matope, zina podya nyongolotsi, nkhono ndi tizilombo tina. Nkhuku imadya koma osanenepa, fupa la pachifuwa limatuluka ngati mpeni, lipombo limatuwa. Funsani alangizi za mankhwala a njoka oyenera nkhuku.

Chikwirikwiti chimaoneka ndi tizilonda ta nkhanambo pa lipombo, kumaso ndi m'zikope. Chimodzi mwa zimene zimachifalitsa ndi udzudzu, n'chifukwa chake chimabuka m'dzinja. Mankhwala ochiza palibe, koma katemera alipo. Nkhuku zambiri zimachira zikamadya ndi kumwa bwino, kupatula zimene zilonda zatseka maso kapena zalowa kukhosi. Kukwirira zithaphwi ndi kutaya zitini zodikha madzi kumateteza nkhuku ku chikwirikwiti, banja n'kupindulanso pa nkhani ya malungo.

Chitopa sichibwera chifukwa cha mvula, ndipo kawirikawiri chimavuta m'miyezi yotentha mvula isanayambe, koma chikhoza kugwa nthawi ina iliyonse n'kupha pafupifupi khola lonse. Nachonso chilibe mankhwala. Chitetezo chake ndi katemera wa I-2, amene amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse, kutanthauza katatu pa chaka. Katemerayu sachiza nkhuku imene yadwala kale. Nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano nkhuku zimayenda kwambiri m'misika ndi m'mabanja monga mphatso. Nkhuku iliyonse yachilendo muisunge payokha masabata awiri musanaiphatikize ndi zanu.

Nkhuku ikadwala, ipatuleni msanga pamalo ouma ndi ofunda. Musaipatse makapisozi otsala a kuchipatala. Mankhwala operekedwa mwachisawawa amachititsa tizilombo kuzolowera, ndipo tsiku limene mwana wanu adzawafune akhoza kusagwira ntchito. Mukagula mankhwala a ziweto, werengani kapena funsani masiku amene muyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama. Nkhuku yofa yokha musadye, musagulitse, musaponyere agalu. Ikwirireni mozama kapena muiwotche, kenako musambe m'manja ndi sopo. Zikafa zambiri mwadzidzidzi, dziwitsani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.

Zilombo za m'dzinja

Udzu ukatalika, likongwe, vumbwe, njoka ndi makoswe zimafika pakhola osaoneka. Tchetchani udzu mozungulira ndipo tsekani mabowo onse apansi. Linthumbwi nalo limayenda kwambiri nthaka ikanyowa, ndipo likalowa usiku limatha kupha anapiye ndi thadzi lofungatira. Pakani oyilo wakale wa galimoto pa miyendo ya khola lam'mwamba, kapena thirani mzere wa phulusa louma mozungulira khola lapansi, mukubwereza mvula ikaukokolola. Musasiye zotsalira za chakudya m'khola usiku. Mukamva nkhuku zikulira ndi kukupiza mapiko pakati pa usiku, dzukani ndi tochi mukaone.

Nkhuku zisagone m'nyumba

Khola likadontha, njira yapafupi imakhala kulowetsa nkhuku m'nyumba kapena m'khitchini. Ndikumvetsa, makamaka kumene kulinso akuba. Koma apa ndilankhule monga namwino. M'zitosi za nkhuku, ngakhale yooneka yathanzi, mumapezeka tizilombo monga Campylobacter ndi Salmonella timene timatsegula m'mimba mwa anthu. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi mwana wokwawa, chifukwa manja ake amakhala pansi ndipo chilichonse chimene watola chimapita kukamwa. Mwana wotsegula m'mimba pafupipafupi sapindula ndi chakudya chimene akudya, ndipo kukula kwake kumabwerera m'mbuyo. Zimamvetsa chisoni kuti nkhuku yomweyo imene ikanamupatsa dzira ndiyo imudwalitse.

Ngati palibiretu kuchitira mwina usiku wina, nkhukuzo zikhale m'dengu kapena m'katoni, kutali ndi pogona ana, mbale ndi ndowa ya madzi akumwa, ndipo m'mawa musese bwinobwino mwana asanatsike pansi. Masana mwana muzimukhazika pamphasa yoyera. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kukhola, musanaphike, musanayamwitse kapena kudyetsa mwana. Ntchito yosesa m'khola isakhale ya ana aang'ono.

Mazira muzitolera kawiri patsiku asanapondedwe ndi mapazi amatope. Lodetsedwa lipukuteni ndi kansalu kouma n'kuyamba kudya lomwelo, ndipo liphikeni mpaka lilime m'kati monse, makamaka la mwana ndi la mayi woyembekezera. Zitosi ndi zoyala zimene mwachotsa ndi manyowa abwino kwambiri. Ziunjikeni kutali ndi chitsime ndi posewera ana, muvundikire kuti mvula isazikokolole, ndipo zidikireni ziwolerane musanathire m'dimba la masamba.

Kwa inu okhala m'madera osefukira madzi, monga kuchigwa cha Shire, khalani ndi dengu lokonzeka ndipo samutsani nkhuku mukangomva chenjezo, madzi asanafike. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adationetsa m'chigawo chakummwera kuti madzi ndi matope zimafika mofulumira kuposa mmene munthu angaganizire. Madzi akafika, thawani ndi ana. Musabwerere kukatenga nkhuku.

Zoti muchite sabata ino

Zambiri zimene takambirana sizifuna ndalama, zimafuna khasu, chikwanje ndi tsiku limodzi. Kumbani ngalande, konzani pamene denga likudontha, chotsani zoyala zonyowa, ikani mitengo yogonapo, ndipo mupeze dengu la anapiye thadzi lisanaswe. Funsani alangizi kapena wotemera nkhuku wa m'dera lanu tsiku la katemera wotsatira wa chitopa. Ngati pafupi nanu pali agogo kapena munthu wodwala amene sangathe kukwera padenga la khola lake, tumizaniko achinyamata akamuthandize. Matenda a nkhuku za mnansi wanu sachedwa kufika kwa inu.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Chaka chatha m'dzinja, ndi nkhuku zingati ndi anapiye angati amene adafa pakhomo panu? Mukaganiza tsopano, chidawapha n'chiyani?

2. Ndi zoyala zouma ziti zimene zimapezeka mosavuta m'dera lanu, ndipo mungazisunge bwanji kuti zikufikitseni mu Epulo?

3. Kodi nkhuku zanu zimagona kuti? Ngati zimagona m'nyumba, n'chiyani chikukulepheretsani kumanga khola, ndipo gulu lingakuthandizeni motani?

4. Pa mazira amene nkhuku zanu zaikira mwezi uno, ndi angati amene adyedwa ndi ana kapena mayi woyembekezera?